Kupala Moto ndi Fulashi

Laputopu ya banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwathu, kuno ku Dedza, inafa Lachitatu, kutatsala masiku atatu kuti agawane ndalama za chaka chonse. Inafera m'nyumba mwa mayi anga, aNaphiri, amene ndi msungichuma wa gululo chiyambire. Mwayi wake, madzulo a tsiku lomwelo kunatulukira mdzukulu wawo Yamikani, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku MUBAS, sukulu ija ife akale timaitchabe Poly. Kutacha anayala mkeka pakhonde, malaputopu awiri ali pakati, kumwamba kuli mitambo ya Disembala yomana sola chakudya. Ine ndinali chapafupi ndikusoka thumba la feteleza, choncho palibe chinandiphonya.

AGOGO: Amunanga, mwamuyeza wodwalayu? Tiitane abale?

YAMIKANI: Musaitane, agogo. Hardware ili bho, kungoti OS yachita corrupt, ndiye sikubuta.

AGOGO: Fizi yonse ija amakuphunzitsani kulira ngati wailesi yosagwira siteshoni? Nena m'chinenero chimene unkalirira phala.

YAMIKANI: Chabwino. Zitsulo zake zonse n'zamoyo. Koma m'kompyuta iliyonse mumakhala pulogalamu imodzi yaikulu imene imadzutsa zinzake: ndiyo imauza sikirini zoonetsa, imamva mukadina batani, imadziwa pamene pagona fayilo iliyonse. Mwanumu munali Windows 10. Ana anaizimitsa ili m'kati modzikonza, ndiye mafayilo ake oyambira anaonongeka.

AGOGO: Ndiye kuti khitchini ilipo, mafuwa alipo, nkhuni zilipo, koma moto wazima.

YAMIKANI: Eee, tingatero. Kungoti n'zovutirapo kuposa pamenepo.

AGOGO: Kwa iwe. Nanga kubuta kuja n'chiyani? Kuvala mabuti?

YAMIKANI: Simunaphonye kwenikweni, mawuwo anachokeradi ku nsapato. Azungu ali ndi nthabwala ya munthu wofuna kudzinyamula yekha m'mwamba pokoka zingwe za jombo zake. Kompyuta nayo poyaka imasowa pulogalamu yoti itsegule pulogalamu, ndiye anati n'chimodzimodzi.

AGOGO: Ndiko kuipa kwa kusacheza ndi anansi. Kuno moto ukazima sitikoka nsapato. Timatuma mwana ndi phale kukapala kwa aNabanda.

Mnyamatayo anatsegula pakamwa kuti atsutse, kenaka n'kutsekanso. Ndinaona kuti zamupweteka pang'ono kuti zaka zitatu za ku MUBAS zakwana m'phale limodzi.

YAMIKANI: Ndi zimenezo ndithu zimene tichite. Laputopu yangayi ndi kwa aNabanda. Phale ndi fulashi.

AGOGO: Ndiye pala msanga Windows yakoyo, amayi akudikira.

YAMIKANI: Windows sindipala. Yangayi ndi Windows 11, ndipo kwanuko singakalowe, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene makina akale ngati anuwa alibe. Windows 10 nayo eni ake a Microsoft anati nthawi yake yatha pa 14 Okutobala 2025. Kuyaka imayakabe, koma zigamba zotseka mipata ya mbava za pa intaneti sizibweranso pokhapokha mutalembetsa mwapadera, ndipo nazonso n'zakanthawi.

AGOGO: Aipumitsa pa ntchito ngati mphunzitsi wokwanitsa zaka 60. Tsono muikamo ndani?

YAMIKANI: Ubuntu.

AGOGO: Umunthu?

YAMIKANI: Ubuntu, agogo. Ndi Chizulu, koma tanthauzo lake ndi lomwelo.

AGOGO: Ngati ndi lomwelo ukundikonzeranji? Ndalama zingati?

YAMIKANI: N'chaulere.

AGOGO: Chaulere chimene ndimachidziwa ine ndi nyongolotsi ya pa mbedza. Ngakhale feteleza wa makuponi timawonjezerapo zathu.

YAMIKANI: Ichi n'chaulere ndithu. Mtima wake ndi Linux, imene anaiyamba Linus Torvalds ku Helsinki, m'dziko la Finland, mu 1991, ali mwana wa sukulu ngati ine.

AGOGO: Ngati iwe? Iwe wayamba chiyani?

YAMIKANI: Ndiloleni ndimalize. Iye anaiika poyera kuti aliyense aziitenga ndi kuikonza, ndipo anthu ambirimbiri padziko lonse akhala akuwonjezerapo. Ubuntu ndi umodzi mwa mitundu yake. Inatuluka mu 2004, woyambitsa wake ndi Mark Shuttleworth, mzungu wa ku Joni. Kampani yake ya Canonical imadyera kwa makampani akuluakulu ofuna chithandizo, ife anthu wamba timangotenga. Munthuyo ndi mpondamatiki kale. Mu 2002 analipira a ku Russia kuti amukweze chombo chopita m'mlengalenga.

AGOGO: Wa ku Joni kwake kuti?

YAMIKANI: Anabadwira ku Welkom, mu 1973.

Apa mayi anaika pansi lichero la nyemba limene ankasankha.

AGOGO: Welkom! Iwe, 1973 agogo ako aamuna anali pansi pa nyumba ya makolo a mwanayo, akukumba golide! Anapita ndi Wenela nditangotenga mimba ya malume akowa. Anabwerako Kamuzu ataletsa za Wenela, ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70. Anabwera ndi sutikesi, chipewa, ndi chifuwa chosatha. Ndiye ukuti mwana wobadwira pamwamba pa mgodiwo anakwera kumwamba?

YAMIKANI: Inde, agogo.

AGOGO: Wina pansi, wina kumwamba. Basi ika. Si chaulere chimenecho, agogo ako analipiriratu.

YAMIKANI: Fayilo yake ndili nayo kale. Ndinaidawunilodera pa intaneti ya kusukulu, chifukwa ndi pafupifupi 6 GB, kuno bandulo yake ingadye ndalama za masheya a mayi mmodzi. Ndi Ubuntu 24.04.

AGOGO: Wati n'chaulere, tsono mtengowo ukuchokera kuti?

YAMIKANI: Si mtengo, ndi tsiku lobadwa: chaka cha 2024, mwezi wachinayi. Eni ake analonjeza kuisamala zaka zisanu. Chatsala ndi fulashi basi.

Anapisa m'chikwama. Anatulutsa tchaja, mahedifoni, mafuta onunkhira, risiti ya basi. Anapisanso m'matumba a buluku, kutsogolo ndi kumbuyo, kawiri konse.

AGOGO: Dokotala wabwera wopanda jakisoni.

YAMIKANI: Ndaisiya ku hostel. Agogo, ija mumaika pa wailesi ija ndi yaikulu bwanji?

AGOGO: Ngati chala changa chaching'onochi.

YAMIKANI: Ndikunena m'mimba mwake.

Mayi anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje, pamene pamakhala ndalama za chopereka ndi kiyi wa bokosi la banki, n'kutulutsa kafulashi kofiira. Kanalembedwa 16 GB.

AGOGO: Kakwana? Kopera changu chinthu chakocho undibwezere. Pa msika mnyamata wobena nyimbo uja satenga nthawi, ndikamagula tomato iye watha.

YAMIKANI: Kukopera chabe sikungathandize. Fayilo imeneyi imatchedwa ISO, ndi chimbale chathunthu cha DVD chimene achimanga mtolo umodzi. Ndikangouponya mtolowo m'fulashi, woti akaumasule kwanuko ndi Windows, ndipo Windows ndi amene wamwalira.

AGOGO: Kutumiza kalata kwa malemu kuti adziwerengere uthenga wa maliro ake.

YAMIKANI: Eya. Mukadina batani loyatsa, woyamba kudzuka si Windows. Ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala m'chitsulo momwemo, ngati mlonda wa pageti. Wakale ankatchedwa BIOS. Ameneyo sadziwa kuwerenga mafoda kapena mayina a mafayilo. Amangoyang'ana poyambirira penipeni pa disiki, timalo 512 toyamba, ndipo tiwiri tomalizira tikhale ndi chizindikiro chakuti 55 AA. Akachiona amvera zolembedwa pamenepo, akapanda kuchiona abwerera kukagona.

AGOGO: Ngati kalata yopanda chidindo cha amfumu.

YAMIKANI: Wamakono ndi UEFI. Iyeyu anapitako kusukulu pang'ono, koma amadziwa njira imodzi: alowa m'foda yotchedwa EFI, m'menemo alowanso ina yotchedwa BOOT, n'kuitana fayilo ya dzina loti BOOTX64.EFI. Ikasowa, basi. Choncho mtolo uja uyenera kumasulidwira kuno, chilichonse n'kuikidwa pamalo amene mlondayo amayang'ana. Ntchito imeneyo amagwira ndi Rufus.

AGOGO: Rufu uti? Mwana wa Simoni wa ku Kurene?

YAMIKANI: Ayi, ndi kapulogalamu chabe. Anakalemba munthu wina dzina lake Pete Batard, kanatuluka mu 2011.

AGOGO: Bambo ake ananyamula mtanda wa mwini, mwana akunyamula Ubuntu wa eni. Ndi mtundu wa onyamula katundu wa anthu. Muitane.

YAMIKANI: Poyamba tione ngati fayilo inafika yathunthu. Intaneti ikadukiza m'njira, pena pamatsala bowo losaoneka, ndipo mumadzazindikira muli pakati pa ntchito. Eni ake amalengeza nambala yaitali, SHA-256, ya zilembo ndi manambala 64. Kompyuta yanga iwerengetsa yake kuchokera m'fayiloyi. Pakangosintha kadontho kamodzi, nambala yonse isintha. Ndinaijambula pa foni. Onani, zinayi zoyamba zikufanana, zinayi zomaliza zikufanana. Zili bwino.

AGOGO: Zapakatizo wasiyira ndani?

YAMIKANI: Anthu sawerenga zonse, agogo.

AGOGO: Mayi wina anabweretsa mpukutu wa ndalama ku banki kuno, pamwamba K2,000, pansi K2,000, pakati ma K20 okhaokha. Werenga. Ine ndigwira foni.

Anawerenga zonse 64, agogo akulondola ndi chala, ndipo pa chilembo cha 40 anamubweza kuti wathamanga. Kunena zoona mnyamatayo sanalakwe, zilembo zisanu ndi zitatu zija zikanakwanira. Koma sindinaonepo msungichuma amene anachotsedwa pa udindo chifukwa chowerenga mopitiriza.

YAMIKANI: Tsopano onani. Pamwambapa Rufus akuonetsa fulashi yanu, 16 GB. Apa ndasankha fayilo ya Ubuntu. Apa akufunsa kagawidwe, MBR kapena GPT. Ndisiya pa MBR, kuti mlonda wakale ndi wamakono onse ailandire. Ndadina START. Akufunsa njira yolembera, nditenga imene akulimbikitsa yekha. Kenaka OK, basi.

AGOGO: Ima! Chala chibwerere. Kabokosi katulukako kali ndi chizindikiro chachikasu. Kakuti chiyani?

YAMIKANI: N'zamwambo chabe, kamatuluka nthawi zonse.

AGOGO: Safunsa anadya phula. Tanthauzira, liwu ndi liwu.

YAMIKANI: Kakuti... chenjezo... zonse zimene zili m'chipangizochi... ziwonongedwa.

AGOGO: Zonse.

YAMIKANI: Phale lopalira moto limayenera kukhala lopanda kanthu, agogo. Rufus amayamba wasesa. Koma ndi nyimbo chabe, zonsezo zili pa YouTube, ndidzakuikirani zina.

AGOGO: Kwaya ya mpingo wathu ili pa YouTube? Ija anajambula abusa pa foni, agogo ako akuimba besi chaka chomwe anatisiya? Iwe ukanapala moto kudambwe lero. Ndikanakutengera kwa amfumu, fizi yako yonse ikanathera chindapusa.

Mnyamatayo anachotsa dzanja pa laputopu ngati wagwira mbaula. Anadina CANCEL, natsegula fulashi ija. Munali nyimbo za kwaya, maulaliki awiri, ndi zithunzi za ukwati wa mchemwali wake zimene iye mwini anazitaya kalekale. Anakopera zonse m'laputopu mwake.

YAMIKANI: Zalowa. Tipitirize?

AGOGO: Zula kafulashiko kaye. Tsopano liza ya agogo ako kuchokera m'mwakomo. Ndimve ndi makutu anga kuti asamukadi.

Inalira. Tinakhala chete tonse atatu mpaka besi ija itatsika pomaliza. Kenaka mayi anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti Rufu asese. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, batire ya Yamikani ili pa 31.

AGOGO: Pamene tikudikira, ndifunse. Windows yakoyo ikudziwa kuti ikukonzera malo mkazi mnzake?

YAMIKANI: Ilibe nazo ntchito. Kwa iyo ikungolemba manambala pa fulashi.

AGOGO: Mtima wabwino. Nanga zitatembenuka? Mawa yako itazima, yangayi ili ndi Umunthu, ungadzapale kuno Windows?

YAMIKANI: N'zotheka, koma njira yake ndi yokwera. Pulogalamu ya Microsoft yokonzera fulashi, Media Creation Tool, imayenda pa Windows pokha. Rufus nayenso chimodzimodzi. Ndiye munthu wa Ubuntu kapena wa Mac amayenera kudzipangira. Vuto lalikulu ndi ili: mlonda wamakono uja amawerenga bwino fulashi yokonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, koma FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB. Tsono m'kati mwa Windows muli fayilo imodzi, install.wim, imene masiku ano imaposa pamenepo.

AGOGO: Thumba lakula kuposa khomo la nkhokwe.

YAMIKANI: Ndiye umalitsanulira m'matumba awiri. Pali chida chotchedwa wimlib chodulira fayiloyo pawiri, ndipo Windows imadziwa kulumikiza yokha ikamalowa. Kapena umagwiritsa Ventoy, imene inatuluka mu 2020. Imeneyo umaiika pa fulashi kamodzi, kenaka umangoponyamo ma ISO, kaya atatu kaya asanu, poyatsa n'kusankhapo.

AGOGO: Kungoponyamo? Kukopera?

YAMIKANI: Inde.

AGOGO: Si zimene ndinanena ine poyamba paja, iwe n'kundiyankha za malemu?

YAMIKANI: Za malemu munanena ndinu, agogo. Ndipo zimatheka chifukwa Ventoy imakhala itakhala kale pakhomo, mlonda akaitana imayankha ndiyo, n'kumasula mtolo.

AGOGO: Ndamva. Ndinalondola, kungoti ndinalondola msanga.

YAMIKANI: Palinso njira ya akatswiri, lamulo la zilembo ziwiri, dd. Imeneyo ya Ubuntu imalemba bwinobwino, koma siifunsa, ilibe kabokosi kachikasu. Pa Linux madisiki amatchedwa sda, sdb, sdc, motsatana. Ukalemba sda m'malo mwa sdb, wasesa nyumba yako yomwe m'malo mwa phale.

AGOGO: Ukunena ngati munthu amene anaziona.

YAMIKANI: Mnzanga wina.

AGOGO: Mnzako uti?

YAMIKANI: Chaka chachiwiri, agogo. Unali usiku, ndinali ndi tulo.

AGOGO: Chaka chachiwiri! Ija unaimba foni kuti kwagwa mliri wa makompyuta wadya ntchito yako yonse, ine n'kugulitsa mbuzi yanga kuti ubwereze mayeso? Mliriwo unali chala chakochi?

YAMIKANI: Chilembo chimodzi chokha.

AGOGO: Mbuzi inali ndi bere, Yamikani.

Chinamupulumutsa ndi Rufus, amene anamaliza nthawi yomweyo. Anazula fulashi ija n'kuibaya m'nthiti mwa laputopu yakufa, imene inali itayamwako pang'ono ku batire ya sola usiku.

YAMIKANI: Tsopano tiyenera kumugwira mlonda asanapite kumene anazolowera. Pongoyatsa pamakhala kanthawi kochepa zedi kodina batani loti atifunse koyambira. Makina a Dell ndi Lenovo ambiri ndi F12, a HP ndi F9, ena ndi Esc. Chinsinsi chake n'chakuti...

AGOGO: Yabwereranso ku Chizungu choyera chija.

YAMIKANI: Ndachedwa. Ndiyambirenso. Monga ndimanena, chinsinsi chake...

AGOGO: Wachedwanso. Sungasinje uku ukulalikira. Batani lake ndi liti? Ili? Yatsa, ine ndisinja.

Mayi anaika chala pa F12 n'kuyamba kugogoda mwa kayendedwe ka musi, osafulumira, osaleka. Kamndandanda kanatuluka, dzina la fulashi lili pamzere wachiwiri. Yamikani analisankha osayang'ana agogo ake kumaso. Patapita kanthawi sikirini inawala, ndipo atadutsa mafunso angapo panabwera lofunsa ngati akufuna kuika Ubuntu kapena kungoiyesa.

YAMIKANI: Tiike.

AGOGO: Linalo likuti chiyani?

YAMIKANI: Kuyesa. Ubuntu imayenda kuchokera m'fulashi momwemo, osakhudza za m'laputopu. Ukazimitsa, zonse zili monga zinaliri.

AGOGO: Chitomero chisanafike chikwati. Ndipo poika paja asesanso?

YAMIKANI: Asesa disiki yonse.

AGOGO: Mmene muli masheya a amayi 28, ngongole zawo ndi chiwongoladzanja? Amunanga, kodi ku Blantyre kuli mpikisano wosesa?

YAMIKANI: Ndimati ndikumbuka, agogo.

AGOGO: Mbuzi nayo inkati ukumbuka.

Anasankha kuyesa. Apa mpamene ine ndinaona ubwino weniweni wa kafulashi kaja, woposa kuika pulogalamu yatsopano: mlendo woyenda ndi nyali yake anatha kulowa m'nyumba yamdima n'kuona katundu yense ali m'malo mwake. Windows inali itafa, koma mafayilo a banki anali phee m'foda yawo. Yamikani anawakopera m'foni mwake kudzera pa chingwe. Mayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi hadikava yakuda, ndipo anamuwerengetsa mayina asanu, iwo akuyerekeza ndi zolemba pamanja.

YAMIKANI: Ngati zonse zili m'bukumo, laputopu mukuivutikiranji?

AGOGO: Buku ndi loona. Laputopu ndi yoti amayi asakangane ndi ine, azikangana ndi makina. Koma mafayilowa Umunthu udzawatsegula? Mtsikana wa Fomu 3 amene amatilembera uja anazolowera Excel.

YAMIKANI: Muli ina yofanana nayo, LibreOffice Calc, imatsegula omwewo. Kungoti poika ndiyenera kusankha mtolo waukulu, chifukwa waung'onowo subwera nayo, ndipo kuno netiweki ndi ya pachulu paja.

AGOGO: Waona, pena umaganiza.

Kuikako sikunavute. Makina anafunsa za kiyibodi, za intaneti, za kusesa disiki, ndipo pa funso la kusesalo Yamikani anatembenuka kaye kuyang'ana agogo ake, iwo n'kugwedeza mutu. Kenaka panatuluka mapu a dziko lonse.

YAMIKANI: Ikufuna kudziwa kumene tili, kuti ikonze wotchi. Ndadina pa Malawi. Yalemba Blantyre.

AGOGO: Ife tili ku Dedza.

YAMIKANI: Dziko lililonse laling'ono amalipatsa mzinda umodzi.

AGOGO: Ndiye alembe Lilongwe. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndinali ndi mwana kumsana. Blantyre inakhalapo likulu liti?

YAMIKANI: Olemba mndandandawo amatenga mzinda wa anthu ambiri, ndipo nthawi imeneyo unali Blantyre. Nthawi yake ndi imodzimodzi, agogo.

AGOGO: Si imodzimodzi. Nthawi ya ku Blantyre ndi ija imakudzutsa iwe dzuwa lili pamutu. Chabwino, isiye. Ikufunanso chiyani?

YAMIKANI: Dzina lanu ndi pasiwedi. Ikhale yoti inu simungaiwale, koma wina sangaiganizire.

AGOGO: Lemba dzina la mbuzi ija, ndi chaka chimene ndinaigulitsa.

YAMIKANI: Agogo...

AGOGO: Ine sindingaiwale. Ndipo nthawi iliyonse ukabwera kudzakonza, uzililemba ndi chala chomwecho.

Dzinalo sindilitchula muno, pazifukwa zodziwikiratu. Makina anamaliza mvula itayamba kuwaza, analamula kuti fulashi izulidwe, ndipo laputopu inayaka yokha, moto wakewake. Mafayilo a banki anabwezedwamo ndipo anatseguka, manambala onse ali m'mizere yawo. Mayi analanda kafulashi kaja n'kukamangiranso pa chitenje.

YAMIKANI: Bweretsani ndikafomate, ndibwezeremo nyimbo zanu.

AGOGO: Ayi. Kompyuta ya aphunzitsi aakulu nayo inazima mwezi watha, ndipo ya kutchalitchi ikutsokomola. Phale lili ndi ine tsopano. Azibwera kudzapala kuno, ndipo F12 ndizisinja ndekha. Iwe ukagule kena ku Limbe, ka 32.

Madzulo, titadya, anaiwala. Mwachizolowezi anamasula mfundo ija, nabaya kafulashi pa wailesi, nakhala pa mpando wawo kudikira kwaya. Wailesi inangophethira kagetsi kake kabuluu.

AGOGO: Yamikani! Umunthu wakowu suimba?

YAMIKANI: Suimba, agogo. Nyimbo zili m'laputopu mwanga, ndipo batire yatha.

AGOGO: Ndiye bwera ukhale apa. Ine nditsogolera, malume ako atenga tena. Besi ya agogo ako uimba ndiwe.

YAMIKANI: Mawu anga safika pansi choncho.

AGOGO: Yamba. Pofika pansipo ndikuuza batani lodina.